Chigamulo chopanda apilo: zomwe ndapeza chisiyireni uloya

Kuno kwathu uloya si ntchito yoti munthu amangoisiya. Maloya amachoka kukakhala majaji, ena amalowa ndale, ena amakakhala alembi a makampani ndi mabanki, ndipo alipo ochepa amene amafufutidwa m'kaundula atadya ndalama za makasitomala. Koma munthu woti alibe mlandu uliwonse ku Malawi Law Society, laisensi ili bwinobwino, n'kudzuka kunena kuti ndikukayamba kulemba mapulogalamu a kompyuta, abale amayamba afufuza kaye ngati mutu ukuyenda bwino. Ine anandifufuza ndithu.

Sindiwaimba mlandu. Kwa zaka zambiri sukulu ya zamalamulo m'dziko muno inali imodzi yokha, ku Chancellor College ku Zomba, ndipo sunkalowa molunjika kuchokera ku Fomu 4. Unkayamba kaye maphunziro ena, kukhoza bwino, kenako n'kulimbirana malo ochepa omwe analipo, n'kuyambanso zaka zina zinayi. Tsiku lolumbira pamaso pa Jaji Wamkulu, utavala wigi ndi gawuni kunja kukutentha, banja lonse limabwera, ngakhale azakhali omwe sanakuthandizepo ndi sopo yemwe. Mwana akakhala loya, mtundu wonse umamva kuti tsopano sitiponderezedwanso pa nkhani za malo.

Malume anga, omwe anagulitsapo ng'ombe kuti nditsirize sukulu, sanakalipe. Anangoti, "Mphwanga, ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada." Amayi funso lawo linali lina: "Nanga anzanga a ku Mvano akandifunsa kuti mwana wanu uja akutani masiku ano, ndiziti chiyani? Ndiziti amakonza makompyuta?" Ndinati, "Amayi, muziti amalemba zomwe zimayendetsa zinthu ngati Mpamba ndi Airtel Money." Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Ndiye kuti ndiwe ejenti?"

Anthu amaganiza kuti loya amakhalira kuyankhula mokweza m'khoti, kumupanikiza mboni mpaka kutuluka thukuta. Zimachitika, koma mwa apo ndi apo. Ntchito yanga pa kampani ina yaing'ono ya maloya ku Blantyre inali yotolera ngongole ndi milandu ya anthu ochotsedwa ntchito. Tsiku limatha uli pa benchi panja pa khoti, kudikira mlandu womwe pamapeto pake akuuza kuti auimitsa kaye mpaka mwezi wina. Ukabwerera ku ofesi umapeza kasitomala akukudikira, ndipo iwe ndi amene uyenera kumufotokozera chifukwa chake wawononga ndalama ya thiransipoti kuchokera ku Mulanje pachabe. Madzulo ndiye kulemba: samani yomweyomweyo, kalata yomweyomweyo, kungosintha dzina ndi ndalama.

Chomwe chinkanditopetsa kuposa zonse chinali chiwongoladzanja. Ngongole yatengedwa zaka zisanu zapitazo, khoti lagamula kuti ibwezedwe ndi chiwongoladzanja cha ku banki, koma m'zaka zimenezo mabanki asintha mlingo wake kangapo. Ndiye uyenera kuduladula nthawiyo, chigawo chilichonse ndi mlingo wake, kuchotsa zomwe wangongole analipirako pakati, n'kuphatikiza. Ndinkachita pa Excel, ndipo loya wa mbali inayo ankabwera ndi Excel yakenso, manambala osiyana ndi anga, tonse tikulumbira kuti tawerengera bwino. Pulogalamu yanga yoyamba ya Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu, inali ya zimenezi. Inali yonyansa kuiona, koma ntchito ya masana onse inkatha ndisanamalize kumwa tiyi. Ndinaona kuti ndikusangalala ndi kakompyuta kameneka kuposa mmene ndinkasangalalira ndikapambana mlandu, ndipo izi zinandiopsa pang'ono.

Kenako kunabwera mlandu wa chisankho cha 2019. Amene munali kuno mukukumbukira mmene mawayilesi ankaulutsira zonse kuchokera ku Lilongwe, womasulira akutembenuza m'Chichewa, m'minibasi anthu ali chete ngati ali m'tchalitchi. Ambiri amakumbukira Tipp-Ex. Ine chomwe chinandigwira mtima ndi masiku omwe Daud Suleman, katswiri wa makompyuta amene pambuyo pake anadzatsogolera MACRA, ankachitira umboni wokhudza makina omwe ankasonkhanitsa zotsatira. Maloya a mbali zonse, akuluakulu omwe timawaimirira akalowa, ankayenera kufunsa za ma log (kaundula wa zomwe zachitika m'makina), za maakaunti olowera m'makina, za database (nkhokwe yosungira zolemba m'makina), zinthu zomwe palibe anatiphunzitsa ku Zomba. Ndinazindikira kuti umboni wa milandu ikubwerayi uzikhala m'makina, ndipo ochepa mwa ife tingathe kuutsegula tokha.

Pali chinthu china m'chigamulo cha pa 3 February 2020 chomwe ndinadzachimvetsa mochedwa. Majaji asanu omwe anaweruza mlanduwo anagamula kuti gawo 80 la Malamulo Oyendetsera Dziko likufuna kuti wopambana apeze mavoti opitirira theka. Zaka makumi awiri m'mbuyomo, pa mlandu wa a Gwanda Chakuamba, khoti lalikulu la apilo linali litawerenga gawo lomwelo n'kunena kuti wopeza mavoti ambiri kuposa anzake ndiye wapambana. Malamulo omwewo, kamvedwe kawiri. Koma zonse zinachitika poyera: mbali zonse zinamvedwa, zifukwa zinalembedwa m'masamba mazanamazana, ogonja anachita apilo, ndipo mu May chaka chomwecho khoti la apilo linagwirizana ndi majaji asanuwo. Ndibwereranso pa mfundo imeneyi, chifukwa ndi pamene pagona kusiyana kwenikweni kwa ntchito ziwirizi.

Za mmene ndinaphunzirira palibe chachilendo. Mu 2020, Covid-19 itachepetsa zochitika m'makhoti, ndinatsata maphunziro a CS50 a ku Harvard omwe ali ulere pa intaneti, kenako freeCodeCamp, kenako Django, chida chopangira mawebusayiti, ndi SQL, chilankhulo chofunsira database. Mavidiyo ndinkawatsitsa usiku pa bandulo yotchipa n'kumaonera mawa lake. Mu January 2022 namondwe Ana atawononga damu la ku Kapichira, dziko linataya pafupifupi 130 MW, ndipo magetsi ankazima maola ambiri patsiku. Ndinagula batire ndi kasola kamodzi, ndipo ndinaphunzira kuchita commit, kutanthauza kusunga zomwe ndalemba, pafupipafupi, osati chifukwa aphunzitsi a pa intaneti amatero, koma chifukwa laputopu inkangothima osatsanzika. Chaka chomwecho ndinasiya ntchito ku maloya n'kulowa pa kampani ina yaing'ono yolemba mapulogalamu a malipiro a antchito ndi a mabungwe obwereketsa ndalama.

Pamenepa ndiye panali kutsika. Ku uloya ulemu umayendera chaka chomwe unalumbira. Wolumbira kale amayamba kuitanidwa, amakhala kutsogolo, ndipo ngakhale akulakwitsa umamutsutsa mogwada, kuyamba ndi kumutamanda. Ku ntchito yatsopanoyi amene ankayang'ana code yanga, malangizo omwe timalembera kompyuta, anali mnyamata wongomaliza kumene ku MUBAS, wobadwa ine ndili ku sekondale. Ankandibwezera pull request, code yomwe ndamutumizira kuti aione, ndi ndemanga khumi, osapepesa n'komwe. "A Counsel, apa mwabwereza chinthu chimodzi katatu. Kuno sitilipiritsa pa tsamba." Ofesi yonse kuseka. Ananena zoona: loya amaphunzitsidwa kubwereza, kutchula chinthu chimodzi m'njira zitatu kuopa kuti wina angapeze mpata, komanso kukopera ndime za akale osazisintha poti zinayesedwa kale m'khoti. Mu code, chinthu ukachilemba malo atatu, tsiku lodzachisintha udzaiwala amodzi, ndipo ndalama za anthu zidzasokonekera pomwepo. Mpaka lero dzina langa pa ofesi ndi "a Counsel", ndipo sanena molemekeza ayi.

Anthu ambiri akamva mbiri yanga amathamangira kunena kuti ntchito ziwirizi n'zofanana, zonse ndi malamulo, zonse ndi "ngati chakuti, ndiye chakuti". Ndinkavomera kale pofuna kuti nkhani ithe. Tsopano ndimakana. Lamulo limalembedwa mosiya mipata dala. Likamati chinthu chichitike m'nthawi yoyenera, kapena kuti bwana achite mwachilungamo pochotsa munthu ntchito, aphungu akudziwa kuti sangaoneretu zonse, ndiye akusiyira woweruza kuti adzaone munthu amene waima patsogolo pake. Kompyuta ilibe woweruza. Siimva kuti "nthawi yoyenera", imafuna nambala. Komanso sinyengereredwa. Ku khoti ndinapambanapo milandu yomwe mumtima ndinkadziwa kuti mfundo zanga n'zofooka, kungoti mnzanga wa mbali inayo sanakonzekere. Pa kompyuta ungayankhule mokoma bwanji, test yoyesa code ikalephera n'kufiira, yafiira.

Koma mpata uja sutha chifukwa choti kompyuta siukonda. Wina amautseka, ndipo wotsekayo ndi wolemba code. Ndikuonetseni ndi chitsanzo chomwe ndimakumana nacho kawirikawiri.

Lamulo la ntchito la 2000, monga linakonzedwera mu 2010, lili ndi ndandanda ya severance, ndalama yomwe munthu amalandira ntchito ikamuthera pa zifukwa monga kuchepetsa antchito. Pa zaka zisanu zoyamba amalandira malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse chomwe wamaliza; kuyambira chaka chachisanu ndi chimodzi mpaka chakhumi, masabata atatu pachaka; kupitirira apo, masabata anayi. Zooneka zophweka, wophunzira wa chaka choyamba angazilembe m'mizere khumi. Tsopano titenge mayi amene amalandira K400,000 pamwezi ndipo wagwira zaka 7. Masabata ake ndi 10 kuphatikiza 6, onse 16. Koma ndandanda ikukamba za masabata, pomwe mayiyu amalandira pamwezi. Malipiro a sabata imodzi ndi angati? Ndaonapo maakawuntanti ena akugawa malipiro a mwezi ndi 4, kupeza K100,000, ndiye mayiyu alandira K1,600,000. Ena amachulukitsa ndi miyezi 12 n'kugawa ndi masabata 52, kupeza K92,308, ndiye alandira pafupifupi K1,476,900. Kusiyana kwake ndi ndalama yoposa K123,000. Kwa munthu amene ntchito yamuthera, imeneyo ndi lendi, ndi fizi ya mwana.

Tsiku lomwe tinafika pa mzere umenewu, mnyamata uja analemba kugawa ndi 52 osaganizanso kawiri, chifukwa ndi zomwe zinamuonekera zolondola pa masamu. Analibe cholinga chobera munthu. Koma taonani zomwe zikanachitika: pulogalamu imodzi imagwiritsidwa ntchito ndi makampani angapo, kampani iliyonse antchito mazana, ndipo aliyense wochotsedwa akanalandira molingana ndi ganizo la mnyamata wa zaka makumi awiri ndi zingapo, lomwe analipanga Lachinayi masana akudya tchipisi pa desiki. Palibe anamvedwa, palibe chifukwa chinalembedwa, ndipo wolandirayo sangadziwe n'komwe kuti panali njira ziwiri. Akadandaula, a ku ofesi yoona za antchito amangotembenuza sikirini n'kumuonetsa: "Ndi zomwe system yatulutsa, mayi." Mawu amenewa amatseka pakamwa kuposa chidindo cha khoti.

Ndipo si pokhapa. Nanga chaka "chomwe wamaliza" chimatha liti? Munthu analowa ntchito pa 1 March, achotsedwa pa 28 February patapita zaka. Wamaliza chaka chotsirizacho kapena chatsala tsiku limodzi? Mu code nkhani imeneyi ndi kachizindikiro kamodzi, kusiyana kwa > (kuposa) ndi >= (kuposa kapena kufanana), koma kwa iye ndi masabata atatu a malipiro. Ku mapulogalamu a ngongole n'chimodzimodzi. Mlimi watumiza K20,000 pa foni kubweza ngongole yomwe wachedwa nayo. Ndalamayo iyambe yalipira chilango, kapena chiwongoladzanja, kapena ngongole yeniyeniyo? Mgwirizano womwe anasaina nthawi zina sunena. Mukayamba ndi chilango, ngongole siitsika, ndipo mwezi wamawa chiwongoladzanja chimakwera pa ndalama yomweyo. Dongosolo la mizere itatu ya code ndi lomwe limagamula ngati munthuyo adzatuluke m'ngongole chaka chino kapena ayi.

Ngakhale kuwerenga masiku kumene kuli ndi misampha. Tchuthi cha Chilembwe pa 15 January, cha pa 3 March, cha pa 6 July, cha Anakubala pa 15 October, zonsezi mungazilembe m'pulogalamu, n'kuonjezera kuti likagwa Loweruka kapena Lamlungu tchuthi chimasunthira Lolemba. Koma Eid imadalira kuoneka kwa mwezi, ndipo boma limalengeza patatsala nthawi yochepa. Mapulogalamu ambiri ochokera kunja sadziwa n'komwe kuti Chilembwe ndani. Wina akaiwala kulowetsa tsikulo pamanja, makina amalipiritsa anthu chilango chochedwa pa tsiku lomwe maofesi onse anali otseka.

Gawo 43 la Malamulo Oyendetsera Dziko limati munthu ali ndi ufulu wopatsidwa zifukwa zolembedwa pamene akuluakulu apanga chiganizo chokhudza ufulu wake. Ku Zomba tinaliloweza, tinalemba nalo mayeso. Ndikamayang'ana ziganizo zomwe timapanga pa ofesi tsiku ndi tsiku, zokhudza anthu ambiri kuposa omwe majisitireti angaweruze chaka chathunthu, ndimaona kuti mzimu wa gawo limeneli sunafikeko m'chipinda chathu. Ndiye ngati pali chomwe uloya unandipatsa, si masamu a "ngati… ndiye" ayi; amenewo anyamata aja amandiposa kutali. Ndi kukayikira. Ndikaona chiganizo chooneka chophweka m'chikalata cha kasitomala, ndimayamba ndafunsa kuti ndani angadzakhale mbali inayo, ndipo angadzachiwerenge bwanji. Poyamba anzanga ankati ndimachedwetsa ntchito. Akutero mpaka pano, kungoti tsopano amandiitana okha akafika pa ndime yotere.

Tikambeko za ndalama, poti ambiri ondilembera ku inbox ndi zomwe amafuna kumva. Malipiro anga anatsika, ndipo anatenga nthawi kuti abwerere pomwe anali. Anzanga omwe tinalumbira limodzi ena ali ndi makampani awoawo, amanga ku Chigumula ndi ku Area 43. Ine ndikanali pa lendi. Nkhani yoti ukadziwa code uyamba kulandira madola uli m'nyumba mwako ndi yoona kwa anthu ochepa, ndipo ochepawo anayamba agwira zaka zingapo. Kampani ya ku Berlin kapena ku Cape Town silemba munthu wongoyamba kumene amene magetsi ake sadziwika. N'zoona kuti kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, olandira ndalama zakunja anapuma. Koma kwa ife olandira makwacha kugwa komweko kunakweza mtengo wa seva, wa domain, wa laputopu, zonse zogulidwa m'madola omwe kuwapeza kwake n'kovuta kale. Starlink inafika mu 2023 n'kuthandiza pa liwiro la intaneti, kwa amene angakwanitse.

Ntchito za mapulogalamu kuno zili m'mabanki, m'makampani a mafoni, m'boma, ndipo zambiri ndithu zili m'mapulojekiti a zaumoyo. Mbiri yake ndi yaitali kuposa mmene achinyamata amaganizira: a Baobab Health anayamba kuika makompyuta ogwira pa sikirini m'zipatala zathu kalekale, anthu asanayambe kuyenda ndi mafoni otere m'matumba, ndipo akatswiri ambiri omwe akutsogolera lero anakulira kumeneko. Malo ngati mHub ya Rachel Sibande ku Lilongwe anatsegulira ena khomo. Koma ntchito yodalira thandizo lakunja imatha tsiku lomwe wothandizayo wasintha maganizo. Boma la America litaimitsa thandizo mu January 2025, ndinaona anzanga odziwa ntchito kuposa ine akutumiza ma CV paliponse. Loya sakhala choncho. Malinga ngati anthu akukangana pa malo, kusudzulana ndi kumangidwa, loya sagona ndi njala. Malume aja sananame kwenikweni.

Ndiye pali nkhani ya makina olemba okha code. Ndinalowa ntchitoyi chaka chomwe ChatGPT inatuluka, ndipo mnzanga wina wa ku khoti anandiimbira n'kundiseka kuti ndathawira m'nyumba yomwe ikupsa. Chaka chotsatira khoti lina ku New York linalipiritsa maloya $5,000 chifukwa chopereka milandu yopeka yomwe makina omwewo anawalembera, ndiye ndinamuimbiranso. Kunena zoona makinawa amalemba code mwachangu kuposa ine, ndipo ntchito za oyamba kumene zikuchepa. Koma mukawauza kuti alembe severance, adzasankha okha pakati pa 4 ndi 52, osakuuzani kuti asankha. Vuto lija silinathe. Langolowa mkati kwambiri.

Zilipo zomwe ndimazisowa. Munthu amene wakhala m'chitokosi kupitirira maola 48 omwe malamulo amalola, iwe n'kuimirira, n'kuyankhula, madzulo ake n'kumuona akutuluka akumanga lamba wa thalauza, mkazi wake akulira panja: palibe deploy, kutulutsa pulogalamu kuti anthu ayambe kuigwiritsa ntchito, yomwe ingafanane ndi zimenezo. Ku mapulogalamu sumuona munthu amene wamuthandiza. Ukalakwitsa foni imalira usiku. Ukachita bwino kumangokhala zii. Ndimasowanso mkangano wa ulemu, woti mwatsutsana koopsa m'khoti kenako mukadyera limodzi nkhomaliro. Anthu a makompyuta amakangana pa zinthu zazing'ono, ngati chilankhulo chiti chiposa chinzake, ndipo amasunga mangawa.

Sindisowa kulemba maola oti ndilipiritse kasitomala. Sindisowa kuuza mayi wamasiye kuti mlandu wa chuma cha mwamuna wake auimitsanso.

Kwa maloya achinyamata omwe mukuganiza zotsata njira imeneyi, zomwe ndinganene n'zochepa. Musayambe ndi kalata yosiya ntchito. Yambani ndi chinthu chomwe chimakutopetsani pa desiki panu, chiwongoladzanja, masiku a khoti, makalata obwerezabwereza, muchilembere pulogalamu, muone ngati pakatha miyezi mukufunabe kutsegula laputopu usiku. Musaike mafayilo a makasitomala pa GitHub, malo osungira code pa intaneti, kapena m'makina aja ngati ChatGPT. Chinsinsi cha kasitomala sichitha chifukwa choti mukuphunzira. SQL ndi Git, chida chosungira mbiri ya code, muziphunzire msanga, musathamangire zonyezimira. Ndipo dziwani kuti mwina simukufunika kuchokeratu. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024 akufuna maloya omwe angatsegule database n'kuona okha zomwe kampani ikusunga, osati kungokhulupirira zomwe a IT anena. Zigamulo ndi malamulo omwe timawerenga ulere pa MalawiLII, ife omwe tinkafotokopa mabuku akale ong'ambika tikudziwa kufunika kwake, sizinafike pa intaneti zokha. Pali anthu omwe amasanja malamulo m'kalembedwe kotchedwa Akoma Ntoso, komwe kanayambira pa ntchito ya United Nations yothandiza nyumba za malamulo za mu Africa, kuti makina azidziwa kuti ichi ndi gawo, ichi ndi ndime, ichi chinasinthidwa chaka chakuti. Ntchito ngati imeneyo imafuna munthu wodziwa mbali zonse ziwiri, ndipo anthu otere ndi ochepa.

Pa nkhani ya 4 ndi 52 ija, tinagwirizana chonchi. Pulogalamu sisankhanso yokha. Kasitomala aliyense asanayambe kuigwiritsa ntchito amaonetsedwa njira zonse ziwiri, ndi chitsanzo cha ndalama, n'kuuzidwa kuti afunse loya wake. Akasankha, makina amasunga dzina la wosankhayo ndi tsiku. Tinachita chimodzimodzi ndi dongosolo lobwezera ngongole ndi kawerengedwe ka chaka chathunthu. Ndinalimbikiranso kuti pepala lomwe wochotsedwa ntchito amalandira lizionetsa masamu onse: zaka zingati, masabata angati, sabata yawerengedwa bwanji. Cholinga changa chinali choti akapita nalo ku ofesi ya leba kapena ku Industrial Relations Court, akhale ndi poyambira kutsutsa.

Makasitomala ambiri anavomera osadandaula, ena anayamikira kuti zachepetsa mikangano pa zenera la malipiro. Mmodzi anakana. Bwana wake woona za chuma anandiimbira yekha. "A Counsel, ife pa pepalapo tikufuna nambala imodzi basi. Masamu onsewo mukufuna kutiitanira milandu?" Ndinayesa kufotokoza kuti pepala lomveka ndi lomwe limateteza kampani, koma sanafune kumva, ndipo abwana anga anandikumbutsa kuti wolipira ndi iyeyo, ndipo kuno si ku khoti koti ndingapemphe kuti chitsutso changa chilembedwe. Tinamuchotsera. Antchito ake amalandira pepala la nambala imodzi. Masamu onse, pamodzi ndi dzina la amene anasankha 52 ndi tsiku lomwe anasankhira, ali m'database, ndipo loya aliyense amene angadzaimire mmodzi wa antchitowo angathe kupempha khoti kuti zitulutsidwe, ngati akudziwa kuti zinthu zotere zimasungidwa.